Khobidi la Prapto pa Msana wa Laras

Lolemba, 6 Malichi 2023

Zigamba pathupi la Laras: m'mutu 4, m'zigongono 2, m'mawondo 2, m'miyendo 7, kumsana 19. Zonse 34.
Mwezi watha zinali 23. Zawonjezeka 11, zonse kumsana.
Nambala ya m'magazi: Januwale 290, Febuluwale 410. Yakwera ndi 120.
Maulendo amene mwamuna wake Prapto wamupala ndi khobidi chaka chino, amene ndawamva ndekha kudzera pakhoma: 9.

Mwana wanga Laras ali ndi soriyasisi, mamba oyera pakhungu lofiira. Sapatsirana. Koma anthu odya soto, msuzi wa nyama umene Prapto amagulitsa pamalo pake, ayamba kunong'ona za khate, ndipo pa 18 ndi ukwati wa mlongo wake wa Prapto. Iye akuti ndi mphepo inalowa m'thupi. Ndiye mafuta, khobidi lamkuwa la agogo ake, nkumapala msana mizeremizere monga tonse kuno mumzinda wa Solo timachitira ndi chimfine. Kungoti wachimfine amachita kupempha yekha.

Lachitatu, 8 Malichi

Kuchipatala. Amutenga magazi, timabotolo tiwiri.

Ndinafunsanso dokotala Hapsari kuti nambala ija ndi ya chiyani kwenikweni. Ndaphunzitsa masamu zaka 31, sindilemba nambala yomwe sindikuidziwa.

"Bu, pansi pa zigambazi pamamera timitsempha ta magazi tambirimbiri, topindikapindika," anatero (kuno mayi timati Bu). "Chomwe timayezachi ndi chimene chimameretsa timitsemphato. Matenda akalusa, nthawi zambiri nachonso chimakwera."

Kenako anakweza bulauzi ya Laras, nkuona msana.

"Mizere iyi yonga minga ya nsomba, wachita ndani?"

"Ndinagwera pampanda, Dok," anatero Laras.

"Mpanda wanuwo unaphunzira sukulu, ukuwongola mizere chonchi." Sanaseke. "Khungu ili likavulala paliponse, pomwepo pamamera chigamba chatsopano. Mwamva?"

Laras anatsitsa bulauzi yake.

Lachinayi, 9 Malichi

Ulendo wa 10. Masana, Prapto atangotseka malo ake.

"Gona pansi!"

"Mas, mwamuna wanga, zikupweteka."

"Taona kufiira! Mphepo yake ndi imeneyo, ikutuluka. Ukhale phee, ndikuthyola dzanja!"

Ndinagogoda, chitseko chokhoma. Ndinamenya ndi mwala mpaka chala changa chinang'ambika. Sanatsegule. Ndinaima pomwepo nkumawerenga, poti ndilibe china chomwe ndimatha. Anapala ka 57.

Atatuluka ndinalowa. Mamba pamphasa ngati apalapo nsomba. Msana wonse timadontho ta magazi ngati aubaya ndi singano. Pamene pali chigamba pamatuluka magazi msanga, iye nkumati mphepo yachuluka pamenepo, nkupalaponso mwamphamvu.

"Amandifunira zabwino, Bu," anatero Laras, nkhope ili pansi.

Loweruka, 11 Malichi

Laras sanabwere kudzadya. Mpunga wake ndapatsa nkhuku.

Lachiwiri, 14 Malichi

640.

Ndiyo nambala ya m'magazi a mwezi uno. Dokotala akuti nambala yokha siweruza mlandu, koma msanawo ukunena zomwezo. Zikapitirira, khungu lonse likhoza kufiira, munthu nkugonekedwa, ena sadzukako.

Ndinatenga pepala kupita nalo kwa Prapto, ali pa mphika, anthu asanu ndi mmodzi akudya.

"Bu Guru, kuno si kalasi," anatero akuseka uphunzitsi wanga (guru ndi mphunzitsi). "Agogo anga anafika zaka 90 ndi khobidi limeneli. Manambala anuwo anachizapo ndani?"

"290, 410, 640. Ukupala, ikukwera."

Analing'amba pepalalo pakati, nkuponya mbale pakhoma pafupi ndi khutu langa. Msuzi m'tsitsi. Odya aja anaweramira mbale zawo.

"Mkazi ndi wanga. Paukwati azikalandira alendo ali wosalala."

Pobwerera ndinadzera kwa Laras. Ndinamuvula bulauzi, nkumujambula msana ndi foni, nkumuonetsa. Anali asanauonepo. Anayang'ana nthawi yaitali, akutsatira mizere ndi chala pagalasi.

"Uwu ndi wanga?"

"Wako, Nduk, mwana wanga."

"Zonsezi zatsata pomwe khobidi limadutsa," anatero.



Lachisanu, 17 Malichi

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Mawa ukwati, ndiye ndinadziwa kuti lero apala. Ndinalowa m'nyumba mwawo Prapto asanabwere, nkukhala pampando wa kukhitchini. Anandiona, anakhoma chitseko ndili momwemo.

"Chabwino, muonerere, muphunzire."

Anamukoka Laras tsitsi mpaka pamphasa, bondo pachiuno pake. Khobidi litatsika koyamba, ndinaika dzanja langa pamsanapo. Sanaime. Mkuwa unadula khungu kuseri kwa dzanja, fupa kuoneka. Kenako chigongono pachifuwa panga, ndinakagunda kabati, magalasi anga kuthyoka.

Zotsatirazo ndinaziona mwachimbuuzi. Laras anadzuka. Anatenga mtondo wamwala wosinjira tsabola, nkuugwetsera pa dzanja la Prapto pomwe linali pansi. Kulira kwake kunamveka mpaka kumsewu. Khobidi linagubuduka, Laras analiponda.

"640 ija ndi magazi anga, Mas," anatero. "Awa ndi a mayi anga. Ako ndi awo, uwerenge wekha."

Anatsegula chitseko, osavala bulauzi, nsalu yokha pachifuwa. Anthu anali atadzaza panja. Anawatembenuzira msana kuti auone bwino, nkukaponya khobidi m'chitsime.

Tinapita limodzi kuchipatala pa njinga zamoto ziwiri. Kwa namwino ananena yekha, osatchula mpanda.

Pano wagona chafufumimba pabedi langa, mankhwala kumsana. Wandifunsa kuti magazi adzatenganso liti. Pa 5 Epulo. Wati ndimulembere.

Zigamba: 41.
Nambala: 640.
Ulusi wosokera bala padzanja langa: 6.
Zala za Prapto zothyoka: 3, akutero aneba.
Kupala: maulendo 11 chaka chino, kuphatikiza la lero lomwe silinathe.
Khobidi: 0.
Ogona m'nyumba muno: 2.

Wuryaningsih