Mwendo wa Hatchi Yokalamba

Loweruka. Mtima sunakhazikike mpaka pano.

Ndinaperekeza mwana wanga Tadala kokaphunzira kukwera hatchi kuseri kwa tawuni ya Oadby. Anamupatsa yokalamba, ati ndi yofatsa. Bwalo lake ndi laling'ono, ndiye amangozungulira, kukhotera uku, kukhotera uko, kuti msana wa hatchiyo ufewe. Ikamakhotera kumanzere imakoka mwendo wakumbuyo mumchenga. Kayendedwe kameneko ndimakadziwa. Agogo amene ndimawasamalira kuntchito amayenda choncho akatsala pang'ono kugwa.

Itapunthwa pakona ndinakuwa kuti, "Tadala, tsika!" Mphunzitsi anandiuza kuti kukuwako n'kumene kungaidzidzimutse mpaka kugwetsa mwana. Ndinangoima nditagwira mpanda.

Kuntchito ndimayenda pambali pa agogo, dzanja lili kumsana kwawo. Nanga hatchi ndiigwira pati? Ndipo Tadala akuti sabata yamawa ayamba kuithamangitsa.