Ndudu ya Malemu Bambo

Dragica wanga,

Usakalipe ukamva jekete ikununkha fodya. Sindinayambirenso, ndikulumbira! Lero, tsiku lokumbukira akufa, ndinakawayatsira ndudu malemu bambo pamanda monga mwa mwambo. Kuti iyake ndinakoka kamodzi, mtima uli m'mwamba kuti miyezi itatu yosasuta ithera pomwepo. Koma kuwawa kwake! Ndinatsokomola mpaka misozi, achimwene Radoje n'kumanditonthoza, ati ndikulira bambo. Chilakolako cha fodya chija chatheratu, mkazi wanga.

Paketi ya ndudu zotsala ili m'jeketemo, uwapatse achimwenewo, isagone m'nyumba muno. Undisungire supu.

Pepa, ndathamangiranso kumanda, ndaiwala ndudu yanga yamagetsi pamtumbira. Ndikaichotsepo msanga. Bambo akadziwa kuti mwana wawo akusuta nthunzi yonunkhira mapichesi, adzuka ndithu.

Milutin