Ng'oma za Ababa, Manja a Wina

Minneapolis
9 Malichi

Okondedwa achemwali a Corinne,

Kuno kwacha ndi mvula ya madzi oundana, ija imagogoda pazenera ngati munthu akuwaza mchenga. Galimoto yokankha chipale chofewa yadutsa kawiri mumsewu mwathu ikukhukhuza chitsulo chake pa tala, ndipo mapaipi otenthetsa m'nyumba akungolira gwa, gwa, chiyambire m'mawa. Atilengezera kuti sukulu tilowa mochedwa ndi maola awiri, ndiye ndati ndikhale pansi ndikulembereni.

Muli bwanji kumeneko ku Biwabik? Msana wa Ababa uja ukuwalola kupita kuntchito? Nanga Amayi chifuwa chinatha? Ine m'thupi ndili bwino. Mumtima ndi momwe simuli bwino, ndipo ndaona kuti pafoni sindingathe kunena, makamaka poti foni ya m'nyumbamo amakonda kuyankha ndi Ababa.

Kusukulu zikuyenda. Masamu ndakhoza, mbiri yakale ndikulimbana nayo. Anzanga ndilibe, zimenezo mukuzidziwa kale. Nthawi ya chakudya ndimakhala patebulo la pafupi ndi khomo, ndipo ndikaweruka ndimapita kulaibulale kukabwereka mafilimu ofotokoza mbiri ya oimba ndi mabandi awo. Bambo wa pakauntala wandizolowera moti akafika atsopano amandibisira pansi pa tebulo. Chibwerereni kudzakhala kuno kwa amalume a Wendell ndaonera makumi atatu ndi anayi. Mafilimu amenewa andiphunzitsa chinthu chimodzi: munthu akamaimba, osatanganidwa ndi nkhope yake. Uziyang'ana manja, uone ngati akugwirizana ndi zimene khutu likumva.

Zimene ndilembe apazi mukuzidziwa, koma ndizilembabe kuti muone pamene bodza lalowera. Ababa anaimba ng'oma m'bandi ya amalume a Wendell zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira. Inu mutabadwa anasiya n'kukalowa ntchito ya kumgodi. Apo ndi pamene amalume anatenga a Kip kuti aziimba ng'oma, ndipo bandi inadzatchuka pambuyo pake.

Mukukumbuka pa tchuthi cha mu Novembala, nditabwera kudzapempha katoni ya matepi akale ija ya m'galaja? Ababa anakana kawiri. Anati zinthuzo zinagona kalekale, ndizisiye. Ine ndinawakakamira. Ndinawauza kuti amalume andilonjeza, tikudya patebulo lawo, kuti filimu ya bandi imene akupanga mayi wina dzina lake Renata ionetsa zaka zoyambirirazo ndi dzina la Ababa lomwe. Ndinalumbira m'malo mwa amalume, achemwali. Mapeto ake Ababa ananyamula okha katoniyo kukaiika m'galimoto. Kenako munandilembera kuti asungitsa holo ya bungwe la a kumgodi kuti Lachisanu pa 20 mwezi uno, filimuyo ikamadzaonetsedwa pa wailesi ya kanema, adzaonere limodzi ndi anzawo a pantchito. Munati Amayi ayamba kale kuwerengera mapayi a nyama ndi mbatata oti adzaphike.

Dzulo masana filimuyo anaionetsa koyamba m'kanyumba koonetsera kanema kuno mumzinda. Tinapita atatu: amalume, akazi awo azakhali a Marlys, ndi ine. Amalume anavala jekete lawo lachikopa lija limakana kutseka pamimba. Anthu anadzaza mpaka ena kuima m'mbali mwa khoma.

Nyimbo yoyamba anaitenga pa tepi yathu. Ndi chipinda chapansi cha nyumba ya agogo, momwe bandi inkaphunzirira. Amayi ndi amene anajambula, kamera ataikhazika pamwamba pa makina ochapira. Pachithunzi pakuoneka amalume ndi oimba magitala awiri a m'bandimo. Ng'oma zili kuseri kwa mzati, woimba wake saoneka. Koma nyimbo itangoyamba ndinamva kwii, kwii, kwii pansi pa phokoso lonselo. Chopondera cha Ababa chija, chimene amamenyera ng'oma yaikulu ndi phazi. Chija tinakula tikuchimva kudzera pakhoma la galaja, chimene amakana kuthira mafuta ponena kuti chikasiya kulira sadziwa ngati phazi lawo likadali moyo. Ndinagwira mkono wa azakhali. Ndinatsala pang'ono kuimirira.

Ndiye chithunzi chinasintha. Panabwera a Kip ali mnyamata, tsitsi mpaka m'mapewa, akumenya ng'oma pamalo ena ake. Pansi pake analemba dzina lawo ndi chaka chimene tepi ya m'chipinda cha agogo inajambulidwa, chaka chimene a Kip anali asanamuonepo aliyense wa m'bandimo. Chopondera chikulirabe kwii, kwii. Ndinayang'ana manja. Pamene ng'oma yaing'ono ikulira, ndodo ya a Kip inali m'mwamba. Pamene ndodo ikugwa, panalibe chomveka. Anthu m'holomo anawomba m'manja.

Anachita zimenezi pa nyimbo zinayi. Ndinawerenga. Dzina la Ababa silinatchulidwe. Pamalo pamodzi pokha amalume, atakhala pampando wofewa, anauza kamera kuti pachiyambi panali mnyamata wina wa kwawo amene anawathandizako masabata ochepa. Masabata, achemwali. Ndipo kumapeto, mayina akukwera, panatuluka mzere wothokoza Eino chifukwa chobweretsa matepi. Dzina langa lili m'filimumo. La Ababa mulibe.

Magetsi atayaka ndinapita kwa a Renata. Simungakhulupirire kuti ndi ine yemwe ndinadutsa pakati pa anthu onsewo n'kukayamba kulankhula ndi munthu wachilendo, koma ndinatero. Anandigwira chanza mosangalala, amvekere ndiwe mnyamata wa matepi uja. Ndinawafunsa kuti ndani anawauza kuti woimba ng'oma kuseri kwa mzati ndi a Kip. Anandifotokozera kuti pantchito yawo, tepi ikakhala ndi mawu koma munthu wake osaoneka, amaphimba ndi chithunzi china cha munthu yemweyo. Ati zimenezo amachita tsiku ndi tsiku, si chinyengo. Anafunsa amalume kuti ali kuseriyo ndani, amalume anati ndi Kip. Atafunsa a Kip, iwo anati zaka zimenezo sakumbukapo kanthu, ngati Wendell watero ndiye kuti ndi choncho.

Nditawauza za chopondera, nkhope yawo inagwa. Anati kulirako anakumva, ndipo mnzawo wokonza mawu anavutika nako sabata yonse kufuna kukuchotsa, koma kunakana. Analemba dzina la Ababa pakapepala, anandifunsa kalembedwe kake kawiri. Koma anati filimu inapita kale ku wailesi, ndipo ya pa 20 idzatuluka mmene ililimu. Kukonza mwina ndi m'tsogolo.

Amalume anandipeza panja, poimika magalimoto.

"Iwe, mayi uja wamuuza chiyani? Wangosintha nkhope ngati wameza ntchentche."

Ndinati ndawauza kuti phazi lija ndi la Ababa.

"Phazi! Tamumva mwanayu, Marlys. Waonera mafilimu mpaka wayamba kuzindikira anthu ndi mapazi." Anaseka okha. Ataona kuti palibe wowathandiza kuseka anatsitsa mawu. "Tamvera, mphwanga. Filimu imafuna anthu anayi oyamba limodzi n'kukalamba limodzi. Wotsikira panjira amasokoneza nkhani. Bambo ako anasankha mgodi. Ife tinagona m'galimoto zaka khumi, iye akugona pabedi lofunda."

Ndinawafunsa kuti nanga ananditumiranji ineyo kukatenga matepi, ngati ankadziwa kale zimenezi.

"Akanapita ndani? Ukuganiza ine akanandipatsa?"

Anayankha mwachangu, achemwali, osaganiza n'komwe, ngati ndawafunsa nthawi. Ndiye kuti chakudya chija patebulo lawo, kundimenya paphewa kuja, kundiuza kuti ine ndi ndekha m'banja mwathu amene ndimamva nyimbo, zonsezo zinali zofuna katoni. Anadziwa kuti munthu mmodzi yekha amene Ababa sangamukanize kachitatu ndi ine.

Azakhali anaima pambali pathu, manja m'matumba a chikhoti. Ndiye anati, "Wendell, tsitsi wadetsa ndi mankhwalalo linali bodza lokwanira tsiku limodzi." Anatulutsa makiyi a galimoto m'chikwama, anawaika padenga la galimotoyo, n'kundiuza kuti tiye tikakwere basi.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Muwauze Ababa tsiku la pa 20 lisanafike. Musadikire kuti akazimvere m'holo, atakhala kutsogolo, anzawo a pantchito ali kumbuyo kwawo akudikira kumva dzina lawo lija, Arvid. Mukudziwa mmene anthu aja amanyozera. Nthabwala imodzi amaidya chaka chathunthu. Adzakhala akuwaitana kuti mnyamata wa masabata ochepa mpaka tsiku lopuma ntchito. Muwapeze ali okha, mwina m'galaja, Amayi kulibe, pakuti amalume ndi mlongo wawo wa Amayi ndipo sindikudziwa kuti adzazilandira bwanji. Musawabisire chilichonse. Muwauzenso kuti ndikudziwa kuti iwo anakana kawiri, ndipo amene ndinawagonjetsa ndi ine.

Holo inasungitsidwa kale ndipo anthu anaitanidwa, ndiye ngati Ababa angafune kuti madzulowo asapite pachabe, pali mafilimu atatu amene ndingaikepo mutu wanga. Mayina ake ndalemba kuseri kwa pepalali, laibulale ya kwanuko ikhoza kuwaitanitsa.

Yoyamba ndi ya abale awiri amene akhala akuimba akodiyoni m'maukwati zaka makumi anayi. Filimu yonse amakangana za yemwe ayendetse galimoto, ndipo mmodzi amamunena mnzake kuti amaimba ngati akupopa tayala. Koma akangokwera pansanja amapuma mpweya nthawi imodzi. Anzawo a Ababa adzaseka mpaka kutaya khofi. Imeneyi ndaionera katatu.

Yachiwiri ndi ya amayi asanu a m'tauni ina ya m'mbali mwa njanji amene anayambitsa bandi atapitirira zaka makumi asanu. Saimba bwino kwenikweni, ndipo filimuyo siyesa kubisa. Woimba ng'oma wawo akaphonya, mumamva kuphonyako ndipo mumaona nkhope yake akuluma mlomo. Amayi angaikonde.

Yachitatu ndi imene ndikufuna Ababa aonere, ngakhale okha. Ndi ya bandi imene inatha isanatchuke. Wopanga filimuyo anayenda kufunafuna aliyense amene anaimbamo, anthu khumi ndi mmodzi, mpaka mayi wina amene anaimba nawo usiku umodzi wokha ndipo lero amayendetsa basi ya ana a sukulu. Aliyense anamupatsa mpando ndi nthawi yake yolankhula. Nditabwera dzulo ndinaiikanso, ndinayang'ana manja kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Palibe paliponse pamene manja akutsutsana ndi mawu.

Koma mwina Ababa adzati ayi, filimu ya amalume ionetsedwe basi, anthu anaitanidwira imeneyo. Mukuwadziwa mmene alili. Akatero mundidziwitse msanga. Azakhali anena kuti adzanditenga pagalimoto Lachisanulo ndikangoweruka, ulendo wa maola atatu ndi theka, tidzafika filimu isanayambe. Ine amene ndimalephera kukweza dzanja m'kalasi ndidzaimirira kutsogolo kwa anthu onsewo, ndidzawauza kuti asayang'ane chithunzi, amvetsere pansi pa nyimbo, ndipo ndidzawauza kuti phazi limenelo ndi la ndani. Ndayamba kale kuyeserera mawu ake m'bafa. Ndidzanena ndithu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti masokosi aubweya aja anafika ndipo ndawavala pano. Moni kwa agogo a Lempi, kwa alamu anga a Curtis, ndi kwa kamwana kanu Ansel, kamene ndamva kuti kayamba kuyenda kogwira mipando. Kwa Ababa musapereke moni wanga kufikira mutawauza. Sindikufuna amwetulire pomva dzina langa asanadziwe.

Kukanema tinapita atatu. Tinabwerera awiri, azakhali ndi ine, pa basi, tinafika kusanade. Amalume anapita kukadya ndi anzawo a m'bandi ndipo sanabwere. M'mawa uno galimoto yawo palibe pakhomo. Azakhali atulutsa mbale ziwiri zokha.

Ndine mlongo wanu,
Eino