Chigoli cha Denga Lodontha

Lamlungu, 3 Novembala

Dzulo tagonjanso. Ziwiri kwa duu, pabwalo pathu pomwe. Masapota anandidikira pachipata. "Madala apume! Madala apume!" Nyimbo yokoma ndithu, mabesi omwe. Akanamaimba chonchi timu ikamasewera, bwenzi tili pamwamba pa ligi.

Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikuphunzitsa timu imeneyi. Ligi kawiri, zikho zitatu. Ena mwa oimbawo ndinawapeza ali kumsana.

Kunyumba kuli zii. Tiyi wozizira, buledi wadzana. Mpando wa malemu mayi a ana uli pomwe paja, pafupi ndi zenera. Akanakhalapo akanati, "Bambo, mpira si maliro, idyani." Chaka chachitatu tsopano popanda wondiuza zimenezo.

Lachiwiri, 5 Novembala

Komiti yandiitana. Atcheya ndi pepala m'manja. Masewero 28. Kupambana kasanu ndi kawiri, kufanana mphamvu kasanu ndi katatu, kugonja ka 13. Amawerenga pang'onopang'ono ngati uthenga wa pamanda.

"Zikho zanu timazilemekeza, aphunzitsi, koma chomaliza chija chili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chachita dzimbiri." Kwatsala masewero awiri. Tikatuluka mu ligi, kampani yotithandiza ichoka, anyamata azipita kwawo, ine patsogolo. Tikapulumuka, akuti tidzakhalanso pansi.

Anandipatsa pepalalo kuti ndidzionere ndekha. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali, mutu kugwedeza ngati munthu wozama. Sindinaone ngakhale nambala imodzi.

Basi, ndalemba. Maso akupita. Dokotala anandiuza mu Januwale, akuti zoterezi sachita opaleshoni, angochedwetsako ndi mankhwala. Pakati penipeni pa chilichonse chimene ndayang'ana pali kamtambo. M'mbali ndikuona. Nkhope ayi, nambala ya pajezi ayi. Palibe amene akudziwa, ngakhale mwana wanga wamkazi, namwino wathunthu. Ndikulemba ndi cholembera chokhuthala cha pabolodi, mizere isanu tsamba ladzadza. Zimene ndinalemba Lamlungu sindingaziwerengenso. Ndiye bwenzi labwino bukuli: limamva, silibwereza.

Lachinayi, 7 Novembala

Kubwalo m'mawa ndi masana. Anyamata ndimawadziwa ndi kathamangidwe. Nyerere, wakumanzere uja, amathamanga ngati waba nkhuku. Goloboyi ndimamudziwa ndi kukuwa. Ndikafuna kuona munthu ndimapendeketsa mutu, iwo akuti ndayamba kuwayang'ana ngati tambala. Anene.

Benchi ndinaliloweza pamtima. Chaka chino ndinaika lamulo: aliyense malo ake, osasintha. Kumapeto kumanja Chipupa, wotchinga kumbuyo wamtali uja. Kumapeto kumanzere, pafupi ndi ndowa yamadzi, Mphenzi, wosewera kutsogolo. Akuganiza kuti ndi zizimba. Bola aziganiza zizimba kusiyana ndi khungu.

Amene akundisowetsa mtendere ndi Pulofesa, wachiwiri wanga. Dzinalo ndinam'patsa ndine chifukwa cha masatifiketi ake. Wayamba zachilendo. Ndandanda ya osewera akumailemba zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha golosale, akuti makina osindikizira anapenga. Pabenchi sakhala chete, kumangodziyankhulira: "Nyerere wataya mpira. Kumanja kwatseguka. Asintha nambala 9." Wailesi yopanda batani lozimitsira. Akufuna akomiti akhala kumbuyo kwathuwo amve kuti wanzeru ndi iye. Mpando wangawu waupima kale ndi maso.

Lamlungu, 10 Novembala

Koyenda, duu kwa duu. Pointi imodzi. Ndiye kuti Loweruka likubwerali, pakhomo, tikangofanana mphamvu tapulumuka. Tikagonja tapita.

Pulofesa anayankhula mphindi 90 zonse. M'basi ndinamukalipira anyamata akumva. Ndinati ukadzatsegulanso pakamwa pabenchi ndisanakufunse, ukaonera mpira ndi masapota. Anangoti, "Ndamva, aphunzitsi." Mpando wa pambali panga unalibe munthu ulendo wonse, maola anayi. Kale ankaulimbirana.

Mwana wanga waimba foni. "Adadi, mukudya koma?" Ndikudya. "Bwerani mudzakhale nafe, kachipinda kalipo." Kukatani? Kukhala pakhonde kumadikira adzukulu aweruke? Ine ndimadzuka chifukwa anthu makumi atatu akundidikira pabwalo. Andichotsere zimenezo aone chimene chitsale.

Lachitatu, 13 Novembala

Anzake ataweruka, Mphenzi anatsalira. Mipira khumi, golo lopanda munthu. Ndinaima kuseri kwa chipinda chovalira, kumvetsera. Phuu. Phuu. Mwendo ulipobe, ngakhale ali ndi zaka 33.

Miyezi isanu ndi itatu sanalowe m'bwalo. Mu Malichi anakauza wailesi kuti kaseweredwe kathu n'kamakedzana, aphunzitsi sakuona zimene matimu ena akuchita. Sakuona! Iye ankanena za nzeru, ine zinandilasa pena. Kuyambira tsiku limenelo malo ake ndi pandowa. Wapepesa kawiri. Ndinamutenga ali ndi nsapato imodzi yobwereka, lero azikandinyoza pawailesi?

Ndikudziwa kuti ndi mtima chabe. Ndikudziwa. Koma Loweruka sitikufuna chigoli, tikufuna khoma.

Lachisanu, 15 Novembala

Mvula tsiku lonse. Ndasita jekete la timu, ndapsereza kolala.

Funso la atcheya likundizungulira m'mutu. Zotsatirazi zikuti ndikhale kapena ndichoke? Za zaka 16 zikuti khala. Za chaka chino zikuti nyamula. Ndikadziweruza ndekha, masewero anayi kapena asanu tinagonja chifukwa ndinachedwa kusintha. Sindinaone kuti munthu watopa mpaka atagwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndikudziwa. Koma mbewayo ikatuluka, ipita kuti?

Goloboyi mkazi wake ali ndi pakati. Wotchetcha kapinga ali ndi ana asanu. Sindikufuna kuganiza za iwo lero.

Lamlungu, 17 Novembala

Tapambana, ziwiri kwa chimodzi. Tatsala mu ligi.

Ndilembe mmene zinalili, poti palibe wina adzalembe. Chigawo chachiwiri, chimodzi kwa chimodzi, kwatsala mphindi 15. Mvula ikukhuthuka. Akutipanikiza, makona atatu otsatizana. Ine ndinali kutsogolo pamzere, wonyowa. Pulofesa chete, monga ndinamulamulira. Ndinaganiza: atuluke Nyerere, alowe Chipupa, titseke chitseko.

Ndinabwerera kubenchi, kumapeto kumanja. Munthu wamtali, mutu wometa, jekete lamvula. Ndinam'gwira phewa. Vula, ukulowa. Anadzuka ngati walumidwa. Pulofesa anati, "Ameneyu, aphunzitsi?" Ndinati ameneyu. Anabwerezanso, "Ameneyu?" Ndinamufunsa ngati wagontha.

Kenako chimkuzamawu: akulowa nambala 10. Mphenzi.

Denga la benchi limadontha kumanzere, pamwamba pa ndowa. Komiti takhala tikuiuza zaka ziwiri. Mvula itakula anyamata anasunthana, Mphenzi anathawira kumanja, Chipupa anakakhala pakati. Ine sindinaone. Pamene timafuna khoma ndinalowetsa munthu amene moyo wake wonse sanatchingepo ngakhale mbuzi.

Mphindi khumi zimenezo sindinapume. Kawiri mpira unamenya chitsulo chathu, ndinamva kulira kwake. Ukanalowa umodzi, mabanja makumi atatu akanagona ndi njala chifukwa cha kamtambo kanga.

Kutatsala mphindi zitatu, phuu. Phokoso lija la Lachitatu. Bwalo lonse linaphulika. Chigolicho sindinachione. Ndinangomva anthu akundinyamula, omwe aja a "Madala apume".

Ndabwera kunyumba, ndakhoma chitseko, ndasanza.

Lachiwiri, 19 Novembala

Pawailesi sakamba zina. Akuti galu wamkota sakandira pachabe. Akuti ndinamubisa Mphenzi miyezi isanu ndi itatu dala, kusungira tsiku limeneli. Wina wati mphunzitsi wamantha akanalowetsa wotchinga kumbuyo, koma madala amaona patali. Ndinaseka ndekha mpaka kutsokomola. Patali!

Wogulitsa nyama wakana ndalama yanga. Woyendetsa minibasi wandiimbira hutala kuchokera kumsika mpaka pampata wathu.

Masana kwabwera Mphenzi, ndi mkazi wake, ndi kamwana. Anakhala pampando wa malemu, sindinamuletse. Munthu wamkulu kulira ngati mwana. "Aphunzitsi, mutandigwira phewa paja ndinadziwa kuti simunanditaye. Ndinali nditatsala pang'ono kusiya mpira." Mkazi wake anagwada kundithokoza.

Ndinati iwala zakale, mwana wanga. Mawu amenewo okha ndiwo anali oona. Atapita nyumba inakula kuposa kale.

Chigoli chija si changa. Ndi cha denga lodontha.

Lachisanu, 22 Novembala

Komiti. Zakumwa patebulo, wojambula zithunzi pakona. Atcheya akuti zotsatira zayankha zokha, zaka ziwiri zina. Amene ankati chikho chachita dzimbiri ndi omwewo. Mtima wanga unadumpha, sindinama. Zaka ziwiri zodzuka m'mawa ndi chifukwa.

Anandiikira kontirakiti patsogolo, cholembera m'manja. Sainani apa. Pepala loyera, kamtambo pakati. Apa pati? Ndinapendeketsa mutu kumanja, kumanzere. Thukuta.

Kenako chala. Pulofesa anawerama ngati akusuntha botolo, n'kuika chala chake papepalapo, pansi kumanja, n'kuchisiya pomwepo. Chala chakuda papepala loyera, chimenecho ndinachiona.

Zilembo zazikulu zija. Wailesi ya pabenchi ija. Sankauza akomiti. Ankauza ine.

Ndinaika cholembera pansi. Ndinati ndikufuna ndikawerenge bwino kunyumba. Atcheya anaseka, akuti madala ndi ochenjera, akufuna kukweza mtengo.

Panja ndinamufunsa Pulofesa, kuyambira liti? "Febuluwale, aphunzitsi. Tsiku lija munapatsa moni mtengo wa mbendera wa pakona." Nanga bwanji osakauza komiti, mpando ukanakhala wako? "Nkhaniyo ndi yanu. Ndimadikira munene nokha." Kenako anati, "Koma Loweruka lija ndinachita mantha. Ndikanatchula dzina, anyamata akanadziwa. Ndinasankha inu m'malo mwa timu, ndipo sindikugona nazo. Kachiwiri sindingathe."

Ndinafuna kumupepesa za m'basi muja. Ndinangomugwira dzanja, nthawi yaitali kuposa mmene amuna amagwiranira.

Lolemba, 25 Novembala

Loweruka ndi Lamlungu lonse kontirakiti inali patebulo, pansi pa botolo la mankhwala a m'maso. Kawiri ndinatenga cholembera. Malo osaina ndawaloweza tsopano, pansi kumanja, zala zitatu kuchokera m'mphepete. Ndani akanadziwa? Pulofesa. Ndi ine.

Lero m'mawa ndakaibweza yosasaina. Ndawauza atcheya za maso. Anati, "Koma zotsatira zikukuikirani kumbuyo. Kusintha kuja ndani wina akanachita?" Ndinati palibe, zoonadi. Za denga sindinanene. Mphenzi akhale ndi phewa lake, analigwirira ntchito. Ndangowauza kuti apatse timu Pulofesa, ndipo benchi lija alifolere.

Kwatsala masewero a chikho mwezi wamawa, anyamata akupitiriza kukonzekera. Wezulo ndamupatsa Pulofesa m'chipinda chovalira, tili awiri. Chingwe chake n'chija anandilukira malemu. Anafuna kuchimasula andibwezere. Ndinati chisiye, chimagwira bwino.

Ndamuimbira mwana wanga. Analira, kenako anandikalipira monga ankachitira mayi ake. Abwera Loweruka ndi galimoto. Wafunsa ngati ndili ndi katundu wambiri. Zikho ndi za kalabu. Changa ndi mpando wa pazenera, masutukesi awiri ndi bukuli.

Lachitatu, 27 Novembala

Dzulo sindinatuluke. Lero ndapakira mbale m'katoni, ziwiri ndaswa.

Nyumbayi ili pafupi kwambiri ndi bwalo, sindinkadziwa. Zonse zimamveka. Wotchetcha kapinga wayamba m'mawa. Goloboyi akukuwa. Wina waseka, ndikuganiza Nyerere.

Nthawi itakwana 3 koloko wezulo walira. Sanachedwe ngakhale mphindi imodzi, mnyamata ameneyu. Kawiri mwachidule, kachitatu motalika, monga ndinkaimbira ine.

Ndinazindikira ndili pakhomo, jekete lopserera kolala paphewa, nsapato imodzi nditamanga kale zingwe. Inayo ili m'manja mpaka pano.