Malo Opanda Munthu Kutsidya kwa Kafue

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YA UMODZI WA ANTHU A KUM'MAWA, KITWE

Tsiku: Loweruka, 14 June 1947
Malo: Chipinda cha kuseri kwa holo ya m'komboni
Analipo: Reginald Kamanga (Wapampando), Patson Njobvu (Mlembi), McDonald Nkhoma, Stanislaus Mbewe, Amos Sakala, Mayi Felistus Mvula
Sanabwere: Laston Tembo (ali pa shifiti mu mgodi)

1. Kutsegula

Msonkhano unayamba 2 koloko. A McDonald anapempherera anthu osauka motalika ndithu.

2. Pempho la azungu

Wapampando anati kalabu ya azungu okwera mahatchi ikufuna kugula tchire loti azikagonako m'matenti ndi kuthamangitsako mahatchi, poti nyumba za njerwa za ku Nkana West zawatopetsa. Bwana wa ku ofesi kwa Wapampando wapempha komiti ino iwasankhire malo opanda munthu. Anati umenewu ndi ulemu waukulu. Ananena katatu, mlembi walemba kamodzi.

3. Malo awiri

A Stanislaus anayamikira tchire la kupitirira mgodi wa Bwana Mkubwa. A McDonald anati kumeneko amamva kuti kuli kashembe, ntchentche zopha mahatchi. A Stanislaus anati nawonso anamva, n'chifukwa chake akulikonda. Wapampando analamula kuti mawuwo asalembedwe.

Wapampando anatambasula mapu a bwana wawo n'kuloza kutsidya kwa Kafue, komwe kuli madzi, msipu ndi mthunzi. Anati kulibe munthu.

A Amos anaimirira, anayamba atsokomola kaye, n'kunena mwaulemu kuti: "Mukwai, ine ndikhala pamenepo. Chichokereni mu mgodi ndi chifuwa ichi, zaka six, ndagwetsa mitengo ndekha, ndamanga nyumba, chinangwa chili m'munda. Kwathu ku Fort Jameson ndinachoka ndilibe ndevu. Andilandira ndani?"

Wapampando anawasonyeza ndi chala, mwaulemu wonse, kuti pamalopo pepala ndi loyera.

Mayi Felistus anafunsa ngati mbatata zimene akazi a Wapampando amakatenga kwa a Amos mwezi ndi mwezi amazikumba pa mapupo. Wapampando anati za kukhitchini sizili pa ndondomeko ya lero.

4. Chisankho

Wapampando anagamula kuti a Amos asakweze dzanja chifukwa nkhaniyi ikuwakhudza, ngakhale malowo alibe munthu. Mlembi anauzidwa kuti dzanja lake ndi lolembera. Zinamupweteka, koma anamvera, ndipo akuchita manyazi mpaka pano.

Ofuna Bwana Mkubwa: a Stanislaus ndi Mayi Felistus. Ofuna Kafue: a McDonald ndi Wapampando. Atafanana choncho, Wapampando anakumbukira kuti ali ndi dzanja lachiwiri, ndipo Kafue anapambana.

5. Wolondolera azungu

A McDonald anati azungu angasochere m'tchiremo, ndiye pafunika munthu wodziwa njira, wonyamulanso zikhomo za malire ndi kuzikhoma. Komiti inapeza kuti palibe wodziwa malowo kuposa a Amos. Wapampando anawayamikira chifukwa cha mwayiwo, ndipo anawalangiza kuti tsikulo akavale malaya ochapa.

A Amos anati: "Ba Kamanga, chikhomo choyamba ndikhome m'munda kapena pakhomo?" Wapampando anati bwana adzanena.

6. Zina ndi zina

A Amos anapempha kuti kalabuyo idikire akumbe chinangwa. Wapampando anati si bwino kutopetsa azungu ndi zinthu zazing'ono. A McDonald anadandaula kuti benchi ya m'chipinda muno ikugwedera, ndipo komiti inakambirana zimenezi mofatsa kwa theka la ola.

7. Msonkhano wotsatira

Udzakhalapo Loweruka, 12 July 1947, m'chipinda chomwechi. Wapampando anachenjeza kuti wojomba popanda chifukwa chomveka adzachotsedwa m'komiti. A Amos anapepeseratu kuti sadzabwera, adzakhala akusasula denga la nyumba yawo. Komiti inavomereza kuti chifukwacho n'chomveka.

Msonkhano unatha 4 koloko.

Reginald Kamanga, Wapampando
Patson Njobvu, Mlembi