Kope la Odwala Lili kwa Ine

Lolemba, 3 Malichi

Kunyumba. Chikhakha kumkono wamanja, china kumwendo. Ndikulemba ndi dzanja lamanzere, zilembo ngati papalasa nkhuku.

Zaka 67, kugwa pa situlo popachika makatani a m'tchalitchi. Anthu amphamvu zawo ali pompo, koma ayi, wodziwa kupachika mowongoka ndine ndekha. Ndawongokatu tsopano.

Mwana wanga wabwerera m'mawa, ntchito yamuitana. Wandikokera bedi pafupi ndi khomo la bafa. Pa mpando wandiikira fulasiki, mabisiketi, foni, pansi ndowa. Anati, “Amayi, muli ndi gulu lonse la amayi a kutchalitchi, simusowa munthu.” Ndinavomera. Ndikanati chiyani?

Namwino wanenetsa: chikhakha chisanyowe, koma thupi lizisambitsidwa tsiku ndi tsiku, makamaka kumsana ndi m'chiuno pogonerapo. Pakatuluka chilonda ndibwerera kuchipatala. Mwana wanga naye wanenetsa zake, kuti ndikangobwererako anditenga ndikakhale kwake mpaka kalekale. Kachipinda kakumbuyo kwa mpongozi, kumene sindidziwa munthu. Tchalitchi changa kuchisiya. Toto ine.

Lachitatu, 5 Malichi

Palibe wabwera. Foni yalira kanayi. Onse mawu amodzimodzi: “Pepani Amayi Mlembi, tikukupemphererani.” Nanenso amodzimodzi: “Ndili bwino, musavutike.” Pakamwa panga pamayankha pokha mutu usanaganize.

Ndayesa kudzipukuta ndi kansalu. Kumaso, pakhosi, pachifuwa, basi. Kumsana dzanja silifika.

Kuseri kwa khomali kuli saluni. Makina owumitsira tsitsi kulira tsiku lonse, wayilesi, kuseka. Mwini wake ndi Zikhadabo. Dzinalo ndinamupatsa ndine, chifukwa cha zikhadabo zake zazitali zopaka zofiira. Timangopatsana moni, nayenso wa pamwamba pa mano.

Masana ndi aatali. Ndadziwa lero kuti denga langa lili ndi ming'alu itatu.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndazindikira, ndipo ndaseka ndekha mpaka nthiti kuwawa. Kope! Kope la odwala lili muno, m'chikwama changa chakuda.

Zaka 22 ndine ndimalemba. Kumanzere kwa tsamba dzina la wodwala, kumanja dzina la wopitako, tsiku lake, ndi ntchito yake: kusesa, kuchapa, kusambitsa. Lamulo ndinaika ndine, kuti munthu asapite kwa wodwala mlembi asanamutume. Kale ankathamangira onse kunyumba za mipanda tsiku limodzi, amphawi n'kumabuula okha. Lamulo labwino. Analimva, mpaka kulimvetsetsa mopitirira. Aliyense ali phee kwake, akuganiza kuti ndatuma mnzake. Komanso amandiopa, ndisabise.

Ndiye kuti ndidzilembe ndekha kumanzere. Ndiimbire munthu, nditi bwerani mudzandisambitse. Ine! Dzina langa lili pa masamba onse, koma kumanja kokhakokha. Ndatsegula kope, ndaliyang'ana, ndalibwezera m'chikwama.

Lamlungu, 9 Malichi

Belu la kutchalitchi ndalimva. Kujomba koyamba chimwalirire bambo a mwana.

Ndayesa kupemphera, zakanika. Ndaona lero kuti mapemphero anga ndi malipoti. Ambuye, ndayendera wakuti, ndachapira wakuti, mawa ndipita kwa wakuti, Amen. Lero ndinene chiyani? Ndagona, ndadya mabisiketi, ndanunkha. Upita nazo kwa Mulungu zimenezo?

Ndikuopa, ndilembe poti palibe awerenge. Wantchito wosagwira ntchito amachotsedwa. Sindidziwa ngati Mulungu ali nane ntchito ndili gone chonchi. Sindinaganizepo n'komwe, nthawi yake ndinalibe.

Abusa anadutsa atatuluka m'mapemphero, mphindi khumi. Nditamva mawu awo panja ndinadzifunditsa bulangeti mpaka m'khosi, kutentha konseku. Anafunsa ngati amayi akubwera. Ndinati zonse zili m'malo mwake. Bodza, Lamlungu, kwa abusa. Potsanzika anati, “Mulungu amakukondani, Amayi.” Mawu omwewo ndawanena kwa odwala mazanamazana. Ndinkawagawa ngati mapiritsi a anthu ena, ndekha sindinamezepo. Ndinati zikomo, iwo n'kutseka chitseko.

Lachiwiri, 11 Malichi

M'chiuno mukuyaka. Ndagwirapo ndi chala, khungu lafewa.

Kenako zamanyazi. Podzuka ndodo yaterereka, ndagunda ndowa, zonse zam'katimo waa pansi. Ndisanapume n'komwe Zikhadabo ali m'kati. Chitseko sindikiya, ndingachifikire bwanji. Odi ayi, moni ayi. Anati, “Ndamva chinthu chikugwa. Amayi, muno mukununkha.” Ndinamuuza kuti atuluke. Anatulukadi, n'kubwera ndi chokolopera. Wakolopa, watsuka ndowa, watsegula zenera, wapita. Ine ndinali nditayang'ana kukhoma.

Mwa anthu onse, iyeyu! Zaka zinayi zapitazo ndinamufufuta m'gulu. Ndinamutuma katatu, katatu konse osapita. Lamulo linati kujomba katatu, mzere pa dzina. Ndinaujambula ndi rula pamaso pa amayi onse, iye palibe, ndipo ndinanenanso mawu okhudza zikhadabozo, akuti munthu wotero sangachape thewera. Anaseka onse. Zinamufika. Kutchalitchi sanapondenso.

Lachitatu, 12 Malichi

Wabwera m'mawa asanatsegule saluni. Beseni, ketulo ya madzi otentha, thaulo, mapepala a pulasitiki ophimbira chikhakha. Zikhadabo zake zija wawenga zonse, zafupi ngati za mwamuna. Wandiona ndikuziyang'ana. Anati, “Ndingakukandeni.”

Ndinati sindinakutume. Anati, “Ndikudziwa. Ine palibe wandituma.” Ndinati chabwino, ndikubwezera dzina lako m'kope, kenako ndikulembe tsiku lako bwinobwino. Anaseka mpaka kugwira chitseko. “Kope lanulo ndilibe nalo ntchito, Amayi. Ndabwera ndi madzi, akuzizira.”

Azizira ndithu. Ndakana. Munthu amene ndinamuchititsa manyazi aone maliseche anga, makwinya onsewa, fungo? Akakafotokoza m'saluni? Wasiya beseni pakona, wapita kukaluka anthu.

Tsiku lonse ndamva kuseka kuseriko. Sindikudziwa ngati amaseka ine.

Lachinayi, 13 Malichi

Wabweranso ndi ketulo. Ndakananso. Lero sanachoke msanga, wakhala pa mpando, wadya bisiketi yanga osapempha.

Ndinamufunsa, mwina pofuna kuti tikangane, chifukwa chimene anajombera katatu kaja. Wandiuza. Anapita padera, mimba ya miyezi isanu. Mwamuna anali atachoka kale. Anagona milungu itatu m'kachipinda ka kuseri kwa saluni. Pofotokozapo anagogoda khoma langa ndi chala, anati, “Apa pomwepa, Amayi. Ndinkakumvani mukuimba nyimbo pochapa.” Palibe anapitako. Akanapita ndani, mlembi asanatume? Ndipo mlembiyo sanafunse, anali kalikiliki kufuna rula.

Ndinasowa poyang'ana. Iye amayankhula ngati akunena za mitengo ya mafuta a tsitsi. Anati masiku amenewo sankapemphera, sankatha, ankangotukwana ndi kulira. “Ndinalibe chomupatsa Mulungu, ngakhale mawu abwino. Koma sanachoke. Sindingakufotokozereni. Ndinangodziwa kuti ndine wake, wamagazi ndi wotukwana yemweyo.”

Ine zaka zonsezi mpando wakutsogolo, yunifolomu yosita, sindinganene mawu amenewo. Nsanje inandigwira, nsanje yeniyeni.

Ndinati nanga ukudzatani kwa ine. Anati, “Poti mukununkha.” N'kunyamula ketulo yake.

Loweruka, 15 Malichi

Dzulo sanabwere. Lero sanabwere. Mapeto a sabata, saluni yadzaza. Kapena watopa nane. Ndani sangatope.

Pansalu yogonera pali kadontho. Chayamba. Namwino abwera Lolemba kudzaona.

Mwana wanga waimba. Ndinati ndili bwino. Anati, “Amayi, mawu anu sakumveka bwino.” Ndinati ndi foni.

Ndaganiza zoimbira amayi a gulu. Akhoza kubwera, khumi nthawi imodzi, ndi nyimbo, ndi mantha. Akatero ndidzawabwezera mmodzimmodzi ndikachira, tidzafanana. Nzimene ndikufuna, kufanana. Koma uyu wa kuseriyu ndingamubwezere chiyani? Milungu itatu ija sindingaibweze. Akandisambitsa, ndalandira chinthu chimene sindinachigwirire ntchito, kwa munthu amene ali ndi chifukwa chonse chondisiya ndiwole. Nchimene chikundikanika. Si maliseche ayi. Ndanama pa za maliseche.

Ndipo ndi Mulungu n'chimodzimodzi, ndaona. Ndakhala ndikumuthamangira ndi tsache ndi sopo kuti asapeze mpata wondipatsa kanthu kwaulere. Ndimati ndikumutumikira. Mwina ndimamuthawa.

Ndalira. Ndekha ndekha, ngakhale wondiuza kuti tonthola palibe.

Lamlungu, 16 Malichi

M'mawa kuseriko kunali zii, saluni satsegula lero. Ndinamva akutsuka kapu. Ndinagona nthawi yaitali ndodo ili m'manja. Kenako ndinamenya khoma. Kamodzi, pang'ono. Kachiwiri mwamphamvu.

Anabwera atavala zogonera, kansalu kumutu. Ndinali nditakonza mawu ambiri, a pepani, a zaka zinayi zija. Anatuluka awiri okha. Ndinati, “Ndisambitse, mwanawe.”

Anakateleka madzi. Anakulunga chikhakha ndi pulasitiki, n'kundivula diresi ija ya milungu iwiri. Anayang'ana m'chiuno, anati n'kachilonda kakang'ono, kakamatsukidwa ndi kuumitsidwa tsiku ndi tsiku kapola, namwino sanditenga. Anati azibwera m'mawa uliwonse, ndipo ndisayambe zanga.

Ndinayamba zanga. Ndinalanda sopo ndi dzanja labwinoli, ndati ndithandizeko. Anandimenya kadzanja. “Siyani. Ingokhalani.” Ndinati bola ndigwire thaulo. Anandilanda nalonso.

Kungokhala. Sindinagwirepo ntchito yolemetsa chotero. Manja ali lende, mutu uli pansi, madzi ofunda akutsika m'khosi, beseni likuda. Amapukuta pang'onopang'ono, m'khwapa, pansi pa mabere, pakati pa zala za kumapazi, malo amene ine ndinkawadumpha posambitsa ena ndikamafulumira kupita kwa wotsatira. Sanakwinye nkhope. Ndinamuyang'anitsitsa kuti ndimugwire akukwinya, osakwinya.

Ndiye chinanditulukira chokha, mokweza, mamina ali chuchuchu. Ndinati, “Koma mumandikondadi? Ine, chonchi, wopanda chimene ndachita?” Sindikudziwa amene ndimamufunsa. Ndikuganiza kuti ndikudziwa.

Iye anafinya kansalu. Anati, “Tembenukani, Amayi, kwatsala kumsana.”

Ndinatembenuka.