Ntchentche za malemu mkazi wanga zikuthera m'mitengo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 64 ndipo ndinapuma pa ntchito yaukalaliki. Mkazi wanga anamwalira chaka chatha, mwezi ngati uno. Sindikulemba kuti mundipepese, anthu anapepesa kale mokwanira. Nkhani yanga ndi ya nsomba.

Kuseri kwa nyumba yathu, ukatsetsereka pang'ono, kuli kamtsinje ka madzi ozizira, kakang'ono koti malo ena munthu ukhoza kulumpha. Mitengo ya tsidya lino ndi ya tsidya linalo inagwirana nthambi pamwamba. Mkazi wanga ankawedza kumeneko Loweruka lililonse kwa zaka zoposa makumi atatu. Nyongolotsi sankazifuna. Ankamangirira tinthenga ndi ulusi pa kambedza mpaka kaoneke ngati kachilombo kouluka, n'kumakaponya pamwamba pa madzi kuti nsomba ibwere yokha kudzakwatula. Tinyambo timeneti ankatitcha ntchentche, ndipo ankatipanga yekha patebulo la pakhonde, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

Ine ntchito yanga inali kunyamula basiketi ndi fulasiki ya tiyi. Tikafika ndinkakhala pamwala n'kumawerenga nyuzipepala, tsamba lanu lino lomwe. Ndikangoti ndiimirire kuti ndiwongole msana, iye ankanena osacheuka n'komwe: "Bambo, takhalani pansi, mukundithamangitsira nsomba ndi kutalika kwanuko." Ine ndinkangoseka, poyesa akundinyogodola.

Miyezi itatu yapitayo ndinalimba mtima n'kutsegula kachitini kake ka ntchentche. Munali 23, zambiri zobiriwira. Mwana wathu wamkazi, amene anabwera kudzandithandiza kulongosola katundu wa mayi ake, anatola imodzi, kuiyang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kugwira khoma. "Ababa, ulusi uwu simukuuzindikira? Ndi wa juzi yanu yobiriwira ija!"

Aphungu, juzi imeneyo yakhala ikutha kumkono wakumanzere kwa zaka zambiri, ine n'kumadandaula za njenjete. Mkazi wanga ankapita yekha kukagula mankhwala a njenjete n'kuwaika m'kabati, nkhope ili gwa. "Njenjete za m'nyumba muno n'zamakani," ankatero. Kani njenjeteyo ndinkamwa nayo tiyi m'mawa uliwonse.

Tsiku lomwelo ndinaganiza zoyamba kuwedza. Ndodo yake yowedzera ili pomwe anaisiya, kuseri kwa chitseko, koma ndi yaifupi, imangondipitirira mutu pang'ono. Ndinati ndi yaifupi chifukwa mwiniwakenso anali wamfupi. Choncho ndinapita kusitolo kukafunsa ya msinkhu wanga. Mwini sitolo anandipatsa ya mamita pafupifupi atatu, ndi chingwe chokhuthala, akuti imaponya patali zedi.

Kumtsinje ndapitako kasanu ndi kamodzi. Nsomba sindinagwirepo ngakhale imodzi. Ndagwira nthambi, udzu, kolala ya malaya anga, ndiponso chipewa cha mlamu wanga, mchimwene wake wa malemuyo, amene anandiperekeza tsiku lina. Atatola chipewa chake anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti: "Alamu, mlongo wanga ankawedza m'madzi. Inuyo mwasankha mbalame?"

Ndinaseka naye limodzi, koma nditafika kunyumba ndinatsegula kachitini kaja. Zatsala zisanu ndi zinayi. Zinazo zili m'mitengo, zina ndimaziona zikulendewera koma sindingazifikire. Wozipanga kulibe. Loweruka lapitali ndinavala nsapato, kutsegula kachitini, kutsekanso, n'kungokhala pakhonde mpaka tiyi anazizira.

Ndithandizeni. Kamtsinje kotere kamafuna ndodo ndi chingwe zotani? Munthu amaponya bwanji pansi pa mitengo? Nanga zisanu ndi zinayi zatsalazi ndiziwedzere, kapena nditseke kachitini ndiiwale za nsomba? Kumtsinjeko ndikufuna kupitabe, chifukwa ndiko kumene ndimamukumbukira popanda kulira.

W. K. M.

Bambo W. K. M.,

Pepani ndi imfa ya mayi. Mwati zopepesa zakwana, ndiye tiyeni kumtsinje.

Ndodo yabwino muli nayo kale, ili kuseri kwa chitseko. Mayi sanasankhe yaifupi chifukwa cha msinkhu wawo, anasankha chifukwa cha msinkhu wa mtsinje. Kamtsinje kokutidwa ndi mitengo kamafuna ndodo ya mamita awiri kapena kupitirira pang'ono, yopepuka, yofewa kunsonga. Yanu yaitaliyo ndi ya pamadzi otambalala, popanda nthambi pamutu. Mwini sitolo sanakunamizeni kuti imaponya patali, koma inu nsomba zanu zili pafupi, mapazi khumi kuchokera pomwe mwaima. Yaitaliyo ipachikeni.

Chingwe chimene chakulungidwa pa kagudumu ka ndodo ya mayicho chiyenera kuti ndi chopepuka, chogwa pamadzi mwakachetechete. Chikakhala kuti sichinang'ambike, chisiyeni. Musinthe kokha kanayiloni koonekera kakumapeto, komangirirapo ntchentche, chifukwa kamafumbwa kakakhalitsa. Katalike ngati ndodoyo basi. Kakatalika kwambiri kamakukolani nokha.

Tsopano mawu aja oti takhalani pansi. Sikunali kunyogodola, kunali kukuphunzitsani, inu muli m'nyuzipepala. M'madzi ochepa ndi oyera nsomba imaona munthu iye asanaione. Yambirani kumunsi kwa mtsinje n'kumakwera, chifukwa nsomba imaima moyang'ana kumene madzi akuchokera, ndiye inu mumaidzera kumbuyo. Yendani mowerama, pena gwadani, valani zosawala, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere padziwe.

Pansi pa mitengo musamazunguze chingwe pamutu. Musanaponye, cheukani muone chili kumbuyo kwanu, kaya ndi nthambi kaya ndi alamu. Ponyani cham'mbali, ndodo ili mmunsi moyandikana ndi madzi. Pothina kwambiri chitani ngati uta: gwirani ntchentche ndi zala ziwiri kumbuyo kwa mbedza, kokani mpaka ndodo ipindike, lozani pomwe mukufuna, n'kusiya. Ikatera, ilekeni iyende yokha ndi thovu la madzi, osaikoka. Yesani kuseri kwa miyala, m'mphepete modyeka ndi pomwe madzi othamanga akulowera m'dziwe. Mukaponya katatu osaona kanthu, sunthani.

Koma musaphunzirire pa ntchentche za mayi. Sabata yoyamba ikani beseni pabwalo, mangani kansalu kumapeto kwa kanayiloni, muziponya mpaka kazigwera m'beseni kasanu motsatizana. Aneba akafunsa, auzeni kuti ndi malangizo a adokotala. Kenako gulani ntchentche wamba zakusitolo, zing'onozing'ono, zimenezo ndizo mitengo idye. Ikakodwa panthambi musakoke mwamphamvu, pitani mukaichotse ndi dzanja, mtsinjewo ndi waung'ono. Kandevu ka mbedza, kaminga koloza kumbuyo kaja, kaphwanyeni ndi pulayala, kuti nsomba yaing'ono muziibweza m'madzi mosavuta, komanso kuti tsiku lina khutu la alamu lisadzafune chipatala.

Za zisanu ndi zinayi zija, ndinena mosabisa. Kutseka kachitini sikuzisunga. Nthenga zikangokhala mumdima zimadyedwa ndi njenjete, zenizenizo tsopano. Patulani ziwiri, imodzi yanu ndi ina ya mwana wanu, muziike m'kabotolo kotseka bwino. Yachitatu muimasule pang'onopang'ono patebulo la pakhonde lija, muone mmene anayambira kukulunga ulusi ndi pomwe anamangira nthenga. Ameneyo ndiye mphunzitsi wanu. Zisanu ndi imodzi zotsalazo muziwedzere dzanja likakhazikika. Zina zidzapita ndi nsomba, ndipo n'zimene mayi anazipangira.

Mwalemba kuti wozipanga kulibe. Ine ndikuona kuti tebulo lilipo, magalasi alipo, ndipo juzi ilipo. Zoyamba zanu zidzaoneka ngati nkhuku yonyowa. Nsomba za m'timitsinje sizisankha kwambiri, zidzakukhululukirani.

Chenjezo langa ndi ili. Miyala ya m'madzi imaterera, choncho valani nsapato zogwira pansi ndipo tengani ndodo yoyendera. Mvula ikagwa kumtunda musalowe m'madzi, kamtsinje kakang'ono kamadzaza mwadzidzidzi. Uzani alamu kapena mwana wanu kumene mwapita, kapena atengeni alamuwo azinyamula fulasiki, ntchitoyo ilibe munthu panopa. Ndipo pa zaka 64 musakwere mtengo kukatsitsa zolendewera zija. Zisiyeni, zili pamalo pomwe mwiniwake ankapakonda.

Mukayamba kusolola ulusi wa juzi ija, musaononge mkono wabwinowo. Pitirizani kumanzere, pomwe njenjete yanu inasiyira.

Aphungu